Dzina la Ochoka ku Ellershaw

Ellershaw, 11 Malichi 1934

Okondedwa achimwene Wilfred,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Ada. Kuno tilipo, kungoti Bambo chifuwa chija chayambiranso. Kalatayi ndinayamba ndailemba papepala lokulungira shuga, kenaka ndakopera pano, kuti musandiseke ngati ulendo uja.

Anthu a madzi aja, omanga damu, abweranso. Zoyeza malo anamaliza. Khoma la damu lafika pakati, ndipo akuti pofika Novembala m'chigwa muno musapezeke munthu, chifukwa akatseka mtsinje madzi adzakwera mpaka kumiza denga la tchalitchi. Madziwo akuti azikamwa anthu a mumzinda. Anabwera awiri, wina atavala chipewa chakuda. Anaima pabwalo n'kufunsa kuti, "Kodi a Ellershaw alipo?" Bambo anayankha ali m'khola kuti, "Pamene mwaimapo ndi pa Ellershaw. Lankhulani ndi nthakayo."

Atapita, Bambo anandiuza kuti sasamuka. Anati, "Ife ndife a Ellershaw a ku Ellershaw chiyambire. Dzina langa ndi malo ano n'chinthu chimodzi. Akafuna kumiza china amize zonse." Anansi athu onse avomera. Ngakhale a Jonty apeza munda kuseri kwa phiri.

Achimwene, sindikudziwa chochita. Kuwasiya okha sindingathe. Tsiku lonse ndimangochoka pakhomo kupita kumtsinje, kuchoka kumtsinje kubwerera pakhomo, wopanda chimene ndanyamula. Chonde tilembereni. Mwina inu angakumvereni.

Ine mlongo wanu,
Hester


Burnley, 8 Epulo 1934

Mlongo wanga Hester,

Kalata yako yafika, yoyera ngati nsalu ya paguwa, yopanda ndi dontho lomwe la inki. Ife tili bwino. Khala pansi kaye: Ada ndi woyembekezera, mwana abwera mu Okutobala. Uwauze Bambo kuti ayambe kuzolowera kutchedwa agogo.

Za kukanako usade nkhawa, mkuluyo amakana chilichonse poyamba, ngakhale tiyi. Chipinda chakumbuyo chilipo. Iwenso ndakupezera pogwira. Mayi Holroyd, a shopu yosoka pamsewu wathu, akufuna mtsikana wa manja osamala. Ndawauza kuti mlongo wanga amasoka ngati akuopa kupweteka nsalu. Akusungira malo mpaka Novembala, osapitirira.

Ada anandifunsa tsiku lina tanthauzo la dzina limene ndinamupatsali. Ndinamuuza kuti eller ndi mitengo ija ya m'mbali mwa mtsinje kwathu, ndipo shaw ndi kankhalango. Anati, "Ndiye ndinakwatiwa ndi tchire?" Koma ukudziwa, kwathuko palibe amene anandiitanapo Ellershaw. Ndinali Wilf wa Isaac wa Ned basi. Kuno kapitawo akakuwa kuti "Ellershaw!" masiku oyamba ndinkatembenuka kuyang'ana komwe kuli phiri.

Tsopano pempho. Fakitale yathu ikugwira masiku ochepa pa sabata, ndipo zinthu zathina. A Pickup, amene amapanga nsapato zamatabwa zomwe tonse timavala kuntchito, akusowa mitengo ya eller, chifukwa ndi yopepuka ndipo siiopa madzi. Bambo ankasema zipika zopangira nsapato zoterezi ali mnyamata, chimpeni chawo chachitali chija chikadali m'nkhokwe. Anthu a madziwo adzangodula nkhalango yonse n'kuiwotcha, kwa iwo ndi zinyalala. Uwapemphe Bambo atidulireko ngolo imodzi. Koma usankhe tsiku labwino, atakhuta.

Mlongo wako,
Wilf


Ellershaw, 6 Meyi 1934

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Za mwana ndakondwa kwambiri, ndayamba kale kuluka kajuzi.

Munati ndisankhe tsiku labwino. Sizinatheke. Bambo anaiona kalata ili m'manja mwa wapositi, n'kundiuza kuti ndiwawerengere pomwepo. Mukudziwa kuti ine kudumpha mzere sinditha. Ndinawerenga zonse, mpaka pamene munati "atakhuta".

Anaimirira mpando n'kugwa. Anati, "Ndiye mwana wanga anawerenga kale mitengo yanga? Ine ndikupuma, iye akugulitsa dzina lake kuti anthu aziliponda m'matope a ku Burnley? Umuuze kuti wa chipewa chakuda uja aliko bwino, iye ndi mlendo." Kenaka anati ndisakuuzeni chilichonse, ndisakulembereninso. Sindikudziwa kuti mwa ziwirizi ndimvere chiti, ndiye ndalemba, ndipo kalatayi ndapatsira wa ngolo ya mkaka. Za mwana sananene kanthu, koma m'mawa mwake anandifunsa ngati munati Okutobala kapena Novembala.

A Jonty anasamuka ndi nkhosa zawo sabata yatha. Pasanapite nthawi nkhosazo zinalumpha mpanda wa miyala n'kubwerera zokha kuphiri lakwathu, pamalo pomwe zinaphunzira kudya kwa amayi awo. Bambo anaseka koyamba chaka chino. Anati, "Ukuona? Nkhosa ili ndi nzeru kuposa mlongo wako." Ine ndinangoganiza kuti nkhosa zikubwerera kuphiri, ndipo phiri silimira.

Mawu a Mayi Holroyd aja ndawawerenga kambirimbiri. Ndikuchita manyazi kunena kuti ntchitoyo ndikuifuna. Koma ndikufuna, achimwene. Musakwiye ndi mawu a Bambo. Lembani.

Hester


Ellershaw, 15 Julayi 1934

Achimwene,

Muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa sindikudziwa. Meyi watha, Juni watha, kalata yanu osaioneka. Wapositi akafika pamlatho amangondipukusira mutu ndisanamufunse. Ngati mwakwiya chifukwa ndinawerenga zonse, pepani. Ngati mwakwiya chifukwa ndinakulemberani zimene Bambo ananena, pepaninso. Ndinaganiza kuti kubisa n'kunama.

M'chigwa muno tatsala ife tokha. Nyumba za anzathu azichotsa madenga, zikungoyasama. Sukulu anaitseka. Ndinalowa kukaona, ndipo desiki yanga ija anaiwotcha kale. Bambo amadzuka, amakama ng'ombe, amakonza mpanda umene udzakhale pansi pa madzi. Dzulo anabzala kabichi wodya mu Disembala.

Ine ndalongedza zovala zanga m'bokosi, n'kuzitulutsanso, n'kuzibwezeranso. Ndikamva ngolo ndimathamangira pazenera. Ndikaona kuti si inu, ndimasowa pokhala.

Chachikulu n'chakuti tchalitchi achitseka mwezi wamawa, ndipo onse ogona m'manda awasamutsira kumanda atsopano a kumtunda. Amayi awasamutsa pa 18 Ogasiti. Ngakhale mwatikwiyira, bwerani chifukwa cha iwo. Azakhali a Dorcas ndawalemberanso.

Mlongo wanu,
Hester


Morecambe, 29 Julayi 1934

Iwe Hester,

Moni. Ine ndili bwino, miyendo yokha, ndipo nyumba yadzaza alendo odzasamba m'nyanja amene amadya ngati sanaonepo buledi.

Leka kupepesa aliyense. Wilfred sanakwiye. Fakitale yawo inatsekedwa mu Meyi, ndipo mnyamatayo akuyenda wapansi tauni ndi tauni kufuna ntchito. Ada akuchapa zovala za anthu ndi mimba yake yonseyo. Ndamva kwa mlendo wanga wa ku Burnley, osati kwa iye. Sakulemba chifukwa cha manyazi. Amuna a banja lino onse ndi choncho, akamavutika amatseka pakamwa, akamalakwa amakuwa.

Pa 18 ndibwera. Mlongo wanga Isaac ndinamusambitsa ali khanda, sangandiopseze ndi ndevu. Undiphikire tiyi wamphamvu, osati madzi otsukira kapu amene mumamwa kumeneko.

Azakhali ako,
Dorcas


Ellershaw, 20 Ogasiti 1934

Okondedwa achimwene,

Moni. Azakhali andiuza za fakitale. Mukanandiuza, si ine wa pakamwa. Ndaika sitampa mkatimu.

Amayi tawagoneka bwino, pafupi ndi agogo a Ned ndi agogo aakazi. Malo ake ndi ouma ndipo amaona phiri lathu. Ndilemba zimene zinachitika pambuyo pake mmene ndinazimvera, osaonjeza.

Mwambo utatha, Bambo anafunsa okumba manda kuti, "Nanga ena a Ellershaw mwawasiya kuti?" Iwo anati atatu amenewa ndi okhawo amene anawauza. Bambo anati akalewo analibe miyala pamanda, koma alimo, adzadza theka la bwalo la tchalitchi. Apa ndi pamene azakhali anagogoda pansi ndi ambulera yawo.

"Isaac, leka kuvutitsa anthu ali ndi ntchito. Mulibemo wina."

"Iwe Dorcas, pakamwa pakopo n'chifukwa chake alendo ako sabwera kawiri."

"Amabwera, chifukwa ine ndimawauza zoona za nsikidzi. Bambo athu a Ned anabadwira ku Blackburn, m'chipinda chapansi, pafupi ndi fakitale. Thonje litasowa, anthu n'kumafa ndi njala, anamva kuti kumapiri kuli malo a dzina lawo. Anayenda wapansi poganiza kuti akapezako abale oti awadyetse. Sanapeze ndi mmodzi yemwe. Anangolembedwa ntchito yoweta nkhosa, n'kukwatira mwana wa mwini munda. Ankatiuza tonse awiri, koma iwe unkakonda nthano yakoyako."

Bambo anati, "Ngati malo ali ndi dzina lathu, ndiye kuti ndi athu."

Azakhali anati, "Si malo amene ali ndi dzina lathu, ndife tili ndi dzina la malo. Tandiuza, m'chigwa muja ndani anakuitanapo Ellershaw? Ndiwe Isaac wa Ned. Munthu wokhala pa Ellershaw ungamutchule bwanji wa ku Ellershaw, pomwe aliyense ndi wa pomwepo? Dzinali anapatsidwa munthu amene anachoka kalekale, atafika kwa alendo n'kumufunsa kuti wachokera kuti. Otsala anangokhala a Tom wa Jack. Ndi dzina la ochoka, mbuli iwe."

A Jonty anayamba kuseka, n'kusandutsa chifuwa. Azakhali sanathere pomwepo. Anati, "Mwana wako akutha nsapato m'misewu kufuna ntchito monga anachitira a Ned. Mkazi wake ali pamadzi a sopo mimba ili apa. Mtsikanayu akufota ngati kandulo. Iwe uli kalikiliki kulondera mitengo yoti idzakhale ya nsomba."

Ine ndinalakalaka nthaka itatseguka. Bambo anavala chipewa n'kunyamuka, osatsanzika.

Lero m'mawa ndawapeza m'nkhokwe atatsitsa nkhwangwa ndi chimpeni chachitali chija, akunola. Ndawafunsa kuti n'zachiyani, sanandiyankhe. Anthu a madzi akuti abwera kudzaona ngati tayamba kulongedza. Achimwene, ndikuopa. Ndikulemba chonchi mwala wonolera ukulirabe.

Hester


Burnley, 23 Ogasiti 1934

Hester,

Ndalandira. Pepa mlongo wanga, ndinakusiya wekha ndi zonsezi. Ndinkati ndilemba ndikapeza ntchito, ntchito yake osapezeka.

Bisa chimpenicho. Chiponye m'chitsime ngati n'kotheka. Wa chipewa chakuda uja akafika, umukumanize pamlatho, umuuze kuti Bambo akudwala nthenda yopatsirana. Ndikudziwa kuti kunama sutha, koma yesako kamodzi kokha. Ndikunyamuka mawa. Ya sitima ndilibe, ndibwera mmene anabwerera agogo.

Wilf


Ellershaw, 9 Seputembala 1934

Okondedwa alamu a Ada,

Muli bwanji, nanga thupi likukulolani? Sindinakulemberenipo, ndiye mundikhululukire ngati ndalakwitsa polemba. Achimwene andituma kuti ndikuuzeni kuti anafika bwino. Akanalemba okha, koma manja awo ali ndi matuza.

Chimpeni chija sindinachibise. Kalata yawo inafika Bambo atapita nacho kale kunkhalango. Ndinawatsatira chapatali. Ndinawapeza ataima pamtengo waukulu wa pafupi ndi mlatho, atauyika dzanja ngati mmene amagwirira ng'ombe yodwala. Kenaka anayamba kutema. Mwina simudziwa, alamu, eller ukaudula mkati mwake mumafiira ngati wakha magazi. Ndaonapo kambiri, koma tsiku limenelo ndinalira.

Achimwene anafika ali fumbi lokhalokha, nsapato imodzi atamanga ndi chingwe. Anathamangira kunkhalango poganiza kuti akapeza mtembo wa munthu wa madzi. Anapeza mitengo ili lambalamba, Bambo ali pakati. Anangoima, chipewa chili m'manja. Bambo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato ya chingweyo, n'kunena kuti, "Waima ngati mlendo bwanji? Gwira mbali inayo ya sowo."

Achimwene anati, "Bambo, ine ndinapempha ngolo imodzi yokha."

"Ngolo imodzi, yotsalayo aiwotche anthu osadziwa ndi dzina lake lomwe? Koka, ukukoka ngati wa m'tauni."

Pa chakudya chamasana ndinalimba mtima n'kufunsa Bambo ngati tsopano asintha maganizo. Anandiyang'ana mokwiya. Anati, "Sindinasinthe kanthu. Ndinati sindichoka pa Ellershaw, ndipo sindikuchoka. Ellershaw ndiye akusamuka. Ine ndikungomuperekeza."

Wa chipewa chakuda uja anabweradi. Ataona ntchito yawo ikugwiridwa ulere, anati titenge zonse, bola tichoke nthawi yake. Bambo anamupatsa kabichi.

Tsopano akusema zipika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ine ndikuzisanja. A Jonty alonjeza ngolo yawo mpaka kusiteshoni. Bambo akuti zipikazi ziyenera kuuma mpaka chaka chamawa, zosanjidwa pamalo opita mphepo, ndiye akufunsa ngati kuseri kwa nyumba yanu kuli malo. Akuti ngati palibe, mungachotse chingwe choyanikira zovala, poti simuzichapiranso anthu. Awa ndi mawu awo, osati anga.

Chonde muwauze Mayi Holroyd kuti ndikubwera. Muwauzenso kuti sindilankhula kwambiri, asadzaganize kuti ndi mwano.

Ine mlamu wanu,
Hester


Burnley, 16 Juni 1935

Okondedwa azakhali,

Moni wochokera kwa tonse. Miyendo ikukuvutanibe? Pepani kuti ndakhala chete. Kushopu ntchito ndi yambiri, ndipo ndikafika kunyumba maso amakhala atatopa. Mayi Holroyd akuti ndimachedwa, koma sanandibwezerepo chovala kuti ndisokenso.

Mwana Ned wamera mano awiri, amaluma chilichonse, makamaka zipika za agogo ake. Zipikazo zinauma, ndipo a Pickup akutenga pang'onopang'ono. Anawatenganso achimwene kuti aziwathandiza kukhoma zikopa. Bambo amapita kumeneko tsiku lililonse kukawauza a Pickup kuti sadziwa kusema. A Pickup akuti akadzafa, Bambo ndiwo adzakhale atawapha, koma Bambo akachedwa amatuma munthu kudzafunsa.

Ine kuno sindinazolowere kwenikweni. Utsi ndi wambiri, ndipo nthawi zina ndimaima pazenera kufunafuna phiri. Koma bokosi langa lija ndinalikhuthula, ndipo sindinalongedzenso.

A Jonty analemba kuti madzi afika pamazenera a tchalitchi, ndipo anthu akubwera pa basi kudzaona. Achimwene anafunsa Bambo ngati akufuna kupita. Anati, "Kukaona chiyani? Madzi ndimawaona pampopi."

Miyezi yoyamba anthu a pamsewu wathu akati, "Mwadzuka bwanji a Ellershaw?" Bambo sankayankha. Anthu ankayesa kuti ndi ogontha. Tsopano amagwira chipewa. Osawauza kuti ndakuuzani.

Fakitale ina inatsegulidwanso, ndipo m'mawa uliwonse anthu akamapita kuntchito msewu wonse umalira ndi nsapato zamatabwa. Bambo amatulutsa mpando n'kukhala pakhomo, mwana ali pamiyendo, n'kumamvetsera. Akuti amazindikira zawo. Amati, "Imva, uyo wavala wa pafupi ndi mlatho uja." Alamu a Ada amati n'zabodza, matabwa onse amalira chimodzimodzi. Ine sindikudziwa.

Lachitatu lapitali mayi wina wachilendo pamsewu wathu, wochokera ku Ireland, anaima kuti aone mwana. Atamva dzina anafunsa kuti, "Ellershaw? Kodi si dzina la malo limeneli? Kuli kuti kumeneko?" Ine ndinali pakhomo ndi kapu ya tiyi, ndipo ndinaopa kuti Bambo ayamba mkangano. Bambo anachotsa kaliwo pakamwa, n'kuloza mapazi a anthu odutsawo.

Anati, "Si uyu akudutsayu."

Mubwere alendo anu akachepa. Bambo akuti musabwere, koma afunsa kale kuti mudzagona pati.

Ine mwana wanu,
Hester Ellershaw

Ndalemba dzina lonse chifukwa ndi mmene amandiitanira kuno.